Wokonda Kusoka Akaitanidwa Kukathandiza m'Sitolo ya Nsalu

Amene amayenda pa msewu wa m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Dwangwa kupita kumpoto mpaka ku Dwambazi, kumene boma la Nkhotakota limachita malire ndi boma la Nkhata Bay, amadziwa kuti pa malo a malonda a m'njiramo sipasowa munthu wogulitsa nsalu. Ena ali ndi sitolo ya njerwa yofolera ndi malata, ena ali ndi okala yaing'ono, ndipo ena amangopachika zitenje zawo pa chingwe tsiku la msika. Katundu ameneyu samera pompo ayi. Mwini wake ayenera kukamutenga kutali, ku Mzuzu, ku Lilongwe, ku Limbe, kapena ku malire a Tanzania ku Songwe, ndipo ulendo wotere umadya masiku. Iye ali ku ulendoko, sitolo siyenera kukhala yotseka. Chotero eni masitolo amafuna munthu wowathandiza masiku awiri kapena atatu pa sabata, ndipo kawirikawiri maso awo amagwera pa mayi, mtsikana kapena mnyamata amene amadziwika m'mudzi kuti amakonda kusoka.

Nkhani ino ndi ya munthu wotereyu pamodzi ndi a pabanja pake. Sitikunena za telala amene kusoka ndiyo ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Tikunena za uja amene amati akaweruka kumunda, nsima itadyedwa, amatenga singano ndi ulusi n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, kuika zigamba, kupinda mpendero wa chitenje, kapena kusokera mwana kadiresi ka pa Khirisimasi, osati chifukwa wina wamutuma, koma chifukwa mtima wake umakondwera nazo. Tsiku lina mwini sitolo amuuza kuti, "Bwerani muzindithandiza Lachisanu ndi Loweruka." Kodi avomere?

Ife tikuti avomere, koma alowe m'sitolomo monga momwe mwana amalowera sukulu, podziwa chimene wadzera ndiponso kuti tsiku lina adzatuluka. Malipiro a ganyu wotere ndi ochepa, sangathe kudyetsa banja. Phindu lake lenileni ndi nzeru zimene munthu amatola pa kauntala. Koma amene alowa asanaganize bwino amatulukamo chimanjamanja, munda utalowa thengo, abale atamukwiyira.

Khonde la sitolo linali sukulu kuyambira kale

Makolo athu akale ankavala zikopa ndi nyanda, imene ankaipanga pomenya khungwa la mtengo mpaka litafewa. Nsalu zakunja zinafika ku Nkhotakota zisanafike m'madera ena ambiri, pakuti m'zaka za m'ma 1840 Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah, amene ankatchedwa Jumbe, anakhazikika kumeneko, ndipo zombo zake zinkawoloka nyanja. Malonda akewo anali owawa: kuno kunkabwera nsalu, mikanda ndi mfuti, ndipo kunkachoka minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo. Masiku amenewo nsalu inali ngati ndalama. Ankaiyeza ndi mkono, kuyambira pa chigongono kufika kunsonga ya chala, kapena ndi mkwamba, ndiko kutambasula manja onse awiri.

Malonda a ukapolo atatha m'zaka za m'ma 1890, masitolo a Mandala ndi a Amwenye anayamba kufalikira m'dziko muno. Amishoni nawo anali atafika. A ku Scotland anakhazikika ku Bandawe, kumpoto kwa Dwambazi, mu 1881, ndipo a Anglican anayamba ntchito ku Nkhotakota mu 1894. M'sukulu za mishoni atsikana ankaphunzira kugwira singano. Ngakhale ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kumene Mbusa John Chilembwe anayamba mishoni yawo mu 1900, akazi awo a Ida ankaphunzitsa amayi kusoka. Amuna ambiri a m'mbali mwa nyanja ino, makamaka Atonga, ankapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni, ndipo pobwerera ena ankanyamula makina osokera. Odziwika kwambiri anali a Singer, otchedwa ndi dzina la Isaac Singer wa ku America amene anatulutsa makina ake mu 1851.

Umu ndi m'mene unayambira mwambo umene tonse tikuudziwa: nsalu imagulidwa m'kati mwa sitolo, ndipo telala amakhala panja pa khonde kudikira wogulayo. Atelala ambiri akale sanapite ku sukulu ya zosoka. Anayamba ali anyamata, kusesa pa khonde, kukoleza makala a m'simbi, kusokerera mabatani, uku maso ali pa manja a mwini makina.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1970, pamene Boma la Dr. Banda linalamula amalonda a Chimwenye kuti achoke m'madera akumidzi akakhale m'mizinda monga Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Masitolo ambiri akumudzi anatsekedwa, ena anatengedwa ndi eni dera. Nthawi imeneyo nsalu zambiri zinkachokera ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene inayamba kuomba nsalu mu 1967 ndi thonje la alimi a dziko lino. Kenaka m'zaka za m'ma 1990 kaunjika anachuluka m'misika, ndipo anthu ankati atelala atha. Koma sanathe. Chitenje chikugulidwabe, ndipo khonde likuphunzitsabe amene ali ndi maso.

Zimene simungaphunzire pansi pa mtengo wa mango

Wosoka wa pakhomo amagwira nsalu imodzi kapena ziwiri pa chaka, zimene wagula yekha. Wa m'sitolo amagwira mitundu makumimakumi pa tsiku limodzi, ndipo zala zake zimayamba kudziwa zimene maso sangaone. Nazi zina zimene muyenera kufunsa ndi kuyesa muli komweko.

Nsalu ya thonje ndi nsalu ya poliyesitala zikhoza kufanana maonekedwe. Tengani kaulusi kothothoka m'mphepete, mutuluke nako panja kutali ndi katundu, mukayatse ndi machesi. Thonje limayaka ngati pepala ndi kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala imasungunuka ngati pulasitiki ndi kusiya kambulu kolimba. Kudziwa zimenezi n'kofunika kuno kunyanja kumene kumatentha, pakuti thonje limamwa thukuta pamene poliyesitala imawotcha thupi, komanso imapsa msanga ndi simbi ya makala.

Nsalu ina imaoneka yolimba ili pa shelefu chifukwa anaithira sitachi wambiri. Itikiteni pa ngodya ndi zala zanu. Ikafewa pomwepo n'kutulutsa kafumbi koyera, dziwani kuti ikadzachapidwa idzatsala yopyapyala ngati sefa. Tembenuzaninso chitenje muone kumbuyo kwake: chabwino chimakhala ndi mtundu wolowerera mbali zonse ziwiri, pamene chotchipa chimakhala chotuwa kumbuyo. Pofuna kudziwa ngati nsalu imasuluka, nyowetsani kansalu koyera ndi kupukuta nako pa ngodya. Kakatenga mtundu, muuzeni wogula kuti aziichapa payokha. Ndipo musaiwale kuti thonje limafupika likachapidwa koyamba. N'chifukwa chake telala wanzeru amayamba waviika nsalu m'madzi ndi kuiyanika asanaidule. Diresi losokedwa ndi nsalu yosaviika limakwana bwino Lamulungu loyamba, koma Lamulungu lachiwiri lathina.

Mudzaphunziranso za singano za makina, zimene zili ndi manambala. Nambala 11 ndi ya nsalu zopyapyala, 14 ndi ya chitenje ndi nsalu za malaya, 16 ndi ya khaki, ndipo 18 ndi ya jinzi ndi zina zokhuthala. Mudzadziwa ulusi umene umaduka msanga, zipi yoyenera siketi ndi yoyenera thalauzi, ndi chifukwa chake makina safuna mafuta ophikira koma mafuta akeake, makamaka kuno kumene chinyezi cha nyanja chimadyetsa zitsulo dzimbiri.

Koma musanyengedwe kuti mudzakhala mukusoka tsiku lonse. Ntchito yambiri ya m'sitolo ndi kusesa, kupinda nsalu zimene ogula atambasula n'kuzisiya osagula, kuyang'ana chiswe ndi makoswe kuseri kwa mashelefu, kusuntha zitenje za pa chingwe kuti dzuwa lisazisulutse mbali imodzi, kuwerenga chenji, ndi kuimirira mpaka miyendo kuwawa. Amene wabwera ndi mtima wofuna kusoka kokha adzakhumudwa sabata yoyamba yomwe.

Tepi ndi sizasi

Pa ntchito yonse ya m'sitolo ya nsalu, palibe chachikulu choposa kuyeza ndi kudula, pakuti sizasi sibwerera m'mbuyo. Yadi imodzi ndi mainchesi 36, ndiwo masentimita 91 ndi pang'ono. Mita imodzi ndi masentimita 100, ndiwo mainchesi 39 ndi pang'ono. Kusiyana kwakeko kumaoneka kochepa, koma taonani: munthu amene walipira mamita 10 napatsidwa mayadi 10 waberedwa masentimita 86, nsalu yokwanira kabudula wa mwana. Chotero wogula akati "ndipatseni ziwiri," mufunseni bwino ngati akunena mayadi kapena mamita, ndipo muyeze iye akuona.

Mbali inayi nayo ili ndi ngozi yake. Munthu wa mtima wabwino amakonda kuonjezerako pang'ono podula, monga amachitira wogulitsa usipa poika basera. Koma nsalu si usipa. Mukamaonjezera mainchesi awiri pa yadi iliyonse, pofika pa mayadi 18 mwataya yadi yathunthu, ndipo mwini sitolo powerenga katundu adzaganiza kuti mwaba. Yezani chilungamo, osachotsera, osaonjezera, ndipo musakoke nsalu poyeza.

Dziwaninso m'lifupi mwa nsalu. Chitenje chimakhala cha mainchesi 45 kapena kucheperapo pang'ono, pamene nsalu zambiri za masuti ndi mathalauzi ndi za mainchesi 60. Chovala chimodzimodzi chimadya nsalu yambiri ikakhala yopapatiza. Apa ndi pamene wodziwa kusoka amaposera wogulitsa wamba. Mayi akabwera nati akufuna bulauzi, siketi yaitali ndi duku, inu mudzamuyang'ana msinkhu, mudzafunsa ngati akufuna manja otukumuka kapena wamba, ndipo mudzamuuza ngati mamita 4 akwana kapena atenge 6. Mudzamuchenjezanso kuti nsalu ya maluwa akuluakulu imafuna yoonjezera, kuti maluwawo akumane bwino pa msoko ndipo mbalame zojambulidwazo zisayang'ane pansi. Mayi ameneyo akapita kwa telala napeza kuti nsalu yakwana ndendende, adzabweranso, ndipo adzabwera ndi anzake.

Kulankhula nako ndi luso. Ku Dwambazi kumakumana Chichewa ndi Chitonga, ndipo wogulitsa wabwino amadziwa woti amutchule "amayi" kapena "abambo," ndi woti amulonjere kuti "ama" kapena "ada." Agogo amene abwera ndi ndalama yomanga pa nsonga ya chitenje alandiridwe ndi ulemu womwewo umene mupatsa mphunzitsi kapena kalaliki wa ku Dwangwa.

Yambani mwapangana

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Milandu yambiri ya pakati pa eni masitolo ndi owathandiza imabwera chifukwa anayamba ntchito mwa chibale, wina aliyense ali ndi maganizo ake mumtima. Musanagwire sizasi ya mwini, khalani naye pansi pamaso pa mboni, kaya ndi mwamuna wanu, amalume anu kapena mkulu wa mpingo, ndipo mumvane zinthu izi.

Choyamba, masiku ndi maola. Atchulidwe ndi maina awo, kuti "masiku awiri" asasanduke sabata yonse pang'onopang'ono.

Chachiwiri, malipiro. Ndi angati, ndipo adzaperekedwa tsiku liti? Akhale ndalama, osati nsalu. Boma limaika malipiro ochepetsetsa amene wolemba ntchito sayenera kutsikirapo, ndipo limawasintha nthawi ndi nthawi. Amene afuna kudziwa a tsopano akafunse ku ofesi ya za ntchito ya boma la Nkhotakota. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14.

Chachitatu, kuwerenga katundu. Mwini asananyamuke ulendo, werengani limodzi zitenje zonse, yezani mipukutu yoyamba kale kudulidwa, ndipo mulembe m'kope. Akabwera werenganinso limodzi. Chilichonse chogulitsidwa chilembedwe nthawi yomweyo, ndi tsiku lake ndi mtengo wake, ngakhale chikhale batani limodzi. Ndalama yolipidwa pa foni ilembedwenso, ndipo ipite ku nambala ya mwini sitolo, osati yanu. Kope limeneli ndilo mboni yanu tsiku limene mawu adzasiyane.

Chachinayi, nsalu ikadulidwa molakwa, kapena ndalama ikaperewera, adzalipira ndani, ndipo motani? Funso limeneli ndi lochititsa manyazi kulifunsa, koma ndi bwino kuchita manyazi lero kusiyana ndi kukaima pa bwalo la amfumu mawa.

Chachisanu, makina. Ngati pa khonde pali makina a mwini sitolo, kodi mudzaloledwa kusokerapo pamene ogula palibe? Mukasokera munthu, ndalamayo idzagawidwa bwanji, ndipo ulusi ndi wa yani? Ngati pakhondepo pali kale telala, mupatseni ulemu wake. Musamulande anthu ake. Muthandizeni kusita ndi kusokerera mabatani, ndipo iye adzakuonetsani kadulidwe ka kolala ndi kaikidwe ka manja, zimene ndizo zimavuta osoka ambiri a pakhomo.

Chachisanu ndi chimodzi, tizidutswa totsala kumapeto kwa mpukutu. Kwa wokonda kusoka timeneti ndi chuma: timasanduka tizikwama, zipewa za ana ndi zofunda zolumikiza. Koma ndi ta mwini. Pemphani poyera, musatole mobisa, pakuti dzina la munthu limaonongeka ndi kanthu kakang'ono.

Inu makolo, ngati woitanidwayo ndi mtsikana wanu, mudziweni bwino mwini sitoloyo, mwana aziweruka dzuwa lisanalowe, ndipo ngati ali pa sukulu, ganyuyo akhale wa Loweruka ndi wa pa tchuthi basi.

Misampha iwiri

Msampha woyamba uli mumtima mwa wosokayo. Munthu wokonda nsalu kumuika pakati pa nsalu kuli ngati kuika mbuzi m'munda wa chinangwa. Katundu watsopano akafika, iye ndiye woyamba kumuona. Ichi chikanakhala bwino pa ukwati wa mphwanga, icho chikanamukhala mwana wanga. Mwini sitolo sakana, amangoti, "Tengani, tidzadula pa malipiro." Tiyerekeze kuti malipiro anu a mwezi ndi olingana ndi mtengo wa zitenje zinayi. Mwatenga chimodzi sabata yoyamba, china sabata yachitatu, ndi zipi, ndi lesi, ndi ulusi wa mitundu itatu. Pa mapeto a mwezi mulandira ndalama yosakwana n'komwe sopo ndi mchere, ndipo mwezi wotsatira muyamba ndi ngongole. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Dziikireni lamulo: musatenge kanthu pa ngongole m'sitolo imene mukugwiramo ntchito. Landirani malipiro anu onse m'manja, mupite nawo kunyumba, agone usiku umodzi. Ngati m'mawa mtima ukufunabe nsaluyo, kaguleni monga wogula wina aliyense.

Msampha wachiwiri ndi wa abale. M'mudzi ikangomveka mbiri yakuti mwana wa auje ali m'sitolo ya nsalu, azakhali adzabwera, alamu adzabwera, anzanu a kukwaya adzabwera, onse ndi mawu amodzi: "Ndipatseko, ndidzalipira mpunga ukapsa." Kukana mbale n'kovuta, ndipo ena adzati mwayamba kunyada. Koma katunduyo si wanu. Yankhani mofatsa kuti, "Azakhali, mundikhululukire, nsaluyi ndi ya eni ake, ine ndangosungitsidwa. Adikireni abwere Lolemba mudzalankhule nawo nokha." Mukatero mlandu wa ngongole ukhala pakati pa iwo awiri. Ndipo inu a pabanja, muthandizeni mwana wanu posamuika pa mayeso otere. Ngongole imene mbale walephera kubweza imadulidwa pa malipiro a mwana wanu yemweyo.

Munda usagone

Tsopano tifike pa nkhani imene ikhudza banja lonse. Sitolo ya nsalu imachita bwino pamene anthu ali ndi ndalama kapena pamene kukubwera chisangalalo. Kuno ndiye kuti pa mapeto a mwezi m'nyengo yodula nzimbe ku Dwangwa, kumene fakitale ya shuga inayamba ntchito mu 1979. M'miyezi ya June ndi July mpunga utakololedwa. Pamene usipa wagwidwa wambiri. Sukulu zikamatsegulidwa mu September. Pa Eid kwa anzathu a Chisilamu. Ndiponso koposa zonse mu December, pokonzekera Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, pamene magulu a chilimika ndi malipenga amafuna zovala zofanana.

Miyezi ya chilimwe ilibe vuto, pakuti ntchito ya kumunda imakhala yochepa. Vuto lili pa December. Mwezi umene mwini sitolo adzakupemphani kuti muzibwera tsiku lililonse ndi mwezi womwewo umene mvula yoyamba imagwa, pamene chimanga chifuna kubzalidwa, mbewu ya chinangwa ifuna kuzikidwa, ndipo nazale ya mpunga ifuna kufesedwa kuti mbande zidzakhale zokonzeka kuwokera mu January. Mvula sidikira munthu. Mlimi amene wachedwa masabata awiri kubzala ndi kupalira adzaona kusiyana kwake m'nkhokwe, ndipo ndalama ya ganyu wa masabata awiriwo singagule chakudya chimene chatayikacho, makamaka mu February pamene mitengo ya chakudya imakwera. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

Nanga achite chiyani? Banja likhale pansi mwezi wa October, mvula isanagwe. Mizere ikhale itapangidwa, mbewu ikhale ili m'nyumba. Muuzeni mwini sitolo nthawi ikadalipo kuti masiku obzala ndi owokera mpunga mudzafika masana, mutachoka kumunda, kapena simudzafika konse. Mwini sitolo wa kuno nayenso amadya kondowole, adzamva. Ngati n'kofunikadi kuti mukhale m'sitolo sabata ya Khirisimasi, werengani bwino: ndalama imene mulandire ikhale yokwanira kulipira waganyu wogwira m'malo mwanu kumunda, n'kutsalako ina. Ikapanda kukwana, khasu lapambana. Ndipo inu abambo, mayi akapita ku sitolo masiku ake awiri, chinangwa choviikidwa chiyenera kuvuulidwa ndi kuyanikidwa, ana ayenera kudya. Ngati mwavomera kuti apite, vomeraninso kugawana ntchito za pakhomo, pakuti phindu lake ndi la nyumba yonse.

Tsiku lotuluka

Sukulu iliyonse ili ndi tsiku lomaliza. Amene walowa ganyu wa m'sitolo adziikire cholinga chooneka ndi maso, ndipo kwa wokonda kusoka cholinga chake ndi makina akeake. Gawo la malipiro a mwezi uliwonse lipite ku banki m'khonde kapena kumalo ena kumene dzanja silifika msanga. Makina opalasa ndi mapazi ndiwo oyenera kumudzi, chifukwa safuna magetsi, ndipo ngakhale ogwiritsidwapo kale ntchito amatha zaka zambiri akamathiridwa mafuta ndi kuphimbidwa. Pogula tengani telala wodziwa kuti akayese shatulo, bobini ndi lamba. Ndalama yake sidzakwana mwezi umodzi kapena itatu, koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ntchito ya makinawo ilipo. Ana a sukulu achuluka chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ndipo amafuna mayunifolomu. Amayi a mabungwe a m'mipingo ali ndi zovala zawo. Pa ukwati abale amagula nsalu imodzi kuti afanane. Ngakhale kaunjika, amene anthu ankati adzapha atelala, amabweretsa ntchito: thalauzi lalitali lifuna kudulidwa, diresi lalikulu lifuna kubwezedwa, zipi yakufa ifuna ina. Amene afuna kupitirira apo, kuti akhale ndi satifiketi, afunse za maphunziro a zosoka a bungwe la TEVETA, limene Boma linakhazikitsa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja.

Si onse amene adzafune kukhala atelala. Wina adzati, "Ine kusoka ndimakukonda pamene palibe wondithamangitsa." Ameneyonso sanataye nthawi yake. Adzasokera ana ake zovala zokwana bwino, sadzanamizidwanso pa msika ndi nsalu ya sitachi, ndipo adzadziwa kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka, nzeru imene ithandizanso pogulitsa mpunga ndi nsomba.

Tsiku lochoka likafika, tsanzikani bwino. Nenani mwezi umodzi nthawi isanakwane, werengani katundu komaliza, perekani kope ndi makiyi pamaso pa mboni yomwe ija, ndipo ngati kungatheke muphunzitseni amene alowe m'malo mwanu kagwiridwe ka tepi. Mwini sitolo amene mwasiyana naye mwamtendere ndiye adzakhale woyamba kuuza ogula ake kuti, "Nsaluyi pitani nayo kwa auje, amasoka bwino." Mwina adzakupatsaninso malo pa khonde lake lomwelo, inu muli pa makina anuanu.

Chotero inu a ku Dwambazi ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, mwana wanu kapena mayi wa kunyumba kwanu akaitanidwa ku sitolo ya nsalu, musamuletse, komanso musangomutaya. Khalani naye pansi madzulo ano, muwerenge masiku a kumunda, musankhe mboni, ndipo mumugulire kope ndi pensulo asanapite.